Funsani Akatswiri: Windows ndi Ubuntu pa laputopu imodzi

Funso: Akonzi, ndine mnyamata wophunzira, ndimakhala ku Luwinga. Laputopu yanga ya HP ili ndi Windows komanso hard disk ya 500 GB. Kusukulu akuti tiziphunzirira pa Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, koma Windows sindikufuna kuichotsa. Kodi zingakhale pamodzi?

Yankho: Zimatheka ndithu, achimwene, bola Ubuntu mumupatulire malo akeake. Musanakhudze chilichonse, koperani mafayilo anu pa hard disk ina. Tchajaninso batire lidzaze, chifukwa magetsi akathima kugawa hard disk kuli mkati, Windows ikhoza kukana kudzuka.

Mu Windows, dinani batani la Windows ndi R pamodzi, mulembe diskmgmt.msc. Dinani C: ndi batani lakumanja la mbewa, musankhe Shrink Volume. Ubuntu amafuna 25 GB, koma malo amenewa sachedwa kudzaza. Ife timalangiza 60 GB, choncho lembani 61440 poti amawerenga mu MB. Malowo asiyeni opanda kanthu, musawapange format.

Pali ziwiri zimene ambiri amaiwala. Zimitsani Fast Startup, njira ya Windows yodzukira msanga, chifukwa imasiya Windows ili mtulo osati yozima, ndiye Ubuntu amalephera kulemba mu C:. Ngati BitLocker, loko ya Windows yotsekera hard disk, ndi yoyatsa, sungani kiyi yake ndipo muizimitse kaye.

Kenaka ikani Ubuntu pa fulashi yosachepera 8 GB pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus. Zonse zili pa fulashiyo zifufutika. Dinaninso batani la Windows ndi R, mulembe msinfo32, muone ngati Windows ili pa UEFI kapena Legacy, zomwe ndi njira ziwiri zodzutsira makina, ndipo Ubuntu alowe njira yomweyo. Mukasakaniza, menyu ya GRUB, yomwe mumasankhirapo Ubuntu kapena Windows poyatsa, siiona Windows. Hard disk yogawidwa m'njira yakale ya MBR imalola zigawo zikuluzikulu 4 zokha, pamene njira yatsopano ya GPT imafika 128.

Lowetsani fulashiyo, muyatse laputopu mukudina F9, kenaka musankhe kudzukira pa fulashi. Akakufunsani, sankhani “Install Ubuntu alongside Windows Boot Manager”. Chonde werengani kawiri: “Erase disk” imafufuta zonse, ndi Windows yomwe. Kagawo kakang'ono ka EFI nakonso musakafufute, makina amadzukira pamenepo.

Mukabwerera ku Windows mupeza wotchi yatsalira ndi maola 2. Sikuti yawonongeka ayi. Ubuntu amasunga nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limawerengerapo nthawi, pomwe Malawi ili patsogolo ndi maola 2. Mu Terminal ya Ubuntu, polembera malamulo, lembani timedatectl set-local-rtc 1, kenaka mukonze nthawi mu Windows kamodzi kokha.