Nkhata ya Khirisimasi yomwe maliboni ake akumatuka

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake maliboni a nkhata yanu ya Khirisimasi akumatuka pachitseko, komanso ngati ingakonzeke. Ikonzeka ndithu, musaitaye.

Vuto ndi guluu wamoto (womata atasungunuka) amene munamatira maliboniwo. Inu muli ku Moatize, ndipo dzuwa la kumeneko likawomba chitseko chachitsulo, guluuyo amafewa n'kusiya kugwira. Kuno ku Ulongwe kumazizirirako, komabe yanga inachita chimodzimodzi chaka chatha, mpaka guluu ndinamuleka.

Chotsani maliboni onse, mukanganule guluu wakaleyo. Ngati mkombero wake ndi wakatoni, usintheni, chifukwa chinyontho cha dzinja chimaufewetsa. Pindani waya wokhuthala, mumukulunge ndi chigamba cha kapulana (chitenje) kuti pasamaterere. Kenako dulani maliboni otalika masentimita 20, muzimanga imodziimodzi ndi mfundo, mothinanitsa mpaka nsalu ija isaoneke. Nsonga zikamayoyoka ulusi, ziyandikizeni ku lawi la kandulo pang'ono chabe. Liboni ya nayiloni imasungunuka n'kutsekeka yokha, koma ya thonje imayaka, imeneyo muipinde n'kusoka.

Mfundo yaikulu yapamwamba ija muisokerere ndi singano. Mukatha, nkhatayo muikoloweke pamthunzi, poti zofiira zimasuluka msanga padzuwa.