Tifunseni: Kuzonda Odwala, Mbale ya Pamsika ndi Katundu wa Amasiye

Mafunso a mwezi uno tawayankha mothandizana, abusa ndi anamwino amene amayendera odwala a kunyumba.

Funso: Ife a Mvano timakazonda agogo ena amene anafa ziwalo mbali imodzi miyezi itatu yapitayo. Timapita tonse kamodzi pamwezi, kuimba, kupemphera, ndi kusiya sopo ndi shuga. Ulendo wapitawu tinawapeza ali ndi zilonda kumsana. Talakwitsa pati? (Mayi wa Mvano, Mulanje)

Amayi, pemphero ndi nyimbozo musasiye, agogowo amaziyembekezera. Chimene chaperewera ndi manja. Msamariya wa pa Luka 10 anathira mafuta ndi vinyo pamabala, anakweza wovulalayo pabulu wake, anasiya ndalama ziwiri kwa mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kudzabweranso. Zonsezo ndi ntchito zofuna nthawi ndi luso.

Zilondazo zimabwera chifukwa chogonera malo amodzi. Fupa likapanikiza khungu pamphasa kwa maola ambiri, magazi sayenda pamenepo ndipo mnofu umayamba kufa. Zimakonda kutuluka kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, kuzidendene, m'zigongono ndi pamapewa. Mankhwala ake enieni ndi kumutembenuza wodwala maola awiri aliwonse: kumanzere, chagada, kumanja. Musamukoke, chifukwa kukhuza khungu pamphasa kumayambitsa zilonda zina. Yalani chitenje pansi pake, anthu awiri agwire uku ndi uku, mumunyamulire pa chitenjecho. Akagona chammbali, ikani pilo kapena nsalu yopinda pakati pa mawondo. Akagona chagada, ikani pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilenjekeke m'malere.

Tsiku lililonse pomusambitsa yang'anani malo tatchulawa. Pakhungu lakuda chilonda sichiyamba ndi kufiira kooneka bwino ayi. Pamaoneka pakuda kuposa pena, potentha kapena polimba mukakhudza. Mukapaona potero musapatikite, ingopachotsani pa mphasa mpaka pabwerere mwakale. Pamene pasupuka kale, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, lita imodzi yothira masupuni a tiyi awiri a mchere osasefukira, n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Phulusa, ufa wa m'makapisozi ndi mafuta a galimoto zisafike pachilonda. Chikayamba kununkha, kutuluka mafinya, kuda mkati, kapena agogowo akatentha thupi, amenewo ndi a kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati amadzikodzera, pepala lapulasitiki likhale pansi pa nsalu, lisakhudze thupi, ndipo nsalu yonyowa isinthidwe msanga.

Pa chakudya pali ngozi imene ambiri sayidziwa. Munthu wakufa ziwalo kawirikawiri amavutika kumeza, ndipo chakudya chikalowa kunjira ya mpweya chimabweretsa chibayo. Mukhazikeni tsonga, mumupatse pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, ndipo akhale choncho mphindi 30 atatha kudya. Phala lokhuthala pang'ono limamezeka bwino kuposa lamadzimadzi. Mukamaliza yang'anani m'tsaya la mbali yakufayo, muli chakudya chimene chimabisala. Phalalo likhale la mgaiwa: makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya wokazinga, kugayitsa pamodzi, ndipo pophika muthiremo nsinjiro, supuni ya mafuta kapena dzira. Thupi losowa zakudya zomanga silipoletsa chilonda. Shuga amene mumanyamulayo, yambani mwafunsa kaye ngati agogowo alibe matenda a shuga. Onaninso m'buku lawo la kuchipatala tsiku lokatenga mankhwala a BP, chifukwa kudukiza mankhwalawo ndi kuitana sitiroko yachiwiri. Dzanja ndi mwendo wakufawo muzizipinda ndi kuziwongola mofatsa kawiri patsiku kuti zisaume, koma musamudzutse pomukoka dzanja limenelo, phewa limaguluka.

Tsopano za kayendedwe kanu. Amayi 20 kamodzi pamwezi amadzaza nyumba ola limodzi, kenako masiku 29 mwana wamkazi kapena mdzukulu amatsala yekha, osagona, osapita kumunda. Gawanani awiriawiri, mulembe mayina ndi masiku m'kope. Awiri akafika, mmodzi achape ndi kutunga madzi, wina akhale ndi wodwala, wosamalirayo apite kuchigayo kapena angogona tulo. Lolani kuti mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuonetseni kutembenuzako ndi maso. Ndipo zimene mwaona m'nyumba muja zitsale momwemo. Pa msonkhano wa Lachinayi ndi zokwanira kunena kuti tiwapempherere agogo, osafotokoza za mikodzo ndi zilonda zawo.

Funso: Ndimagulitsa nyemba ndi mpunga pamsika. Anzanga onse mbale zawo n'zopunthidwa pansi, ndipo kwa alimi timagula ndi ndowa yotanuka. Ndikachita zoona ndiluza. Kodi pamenepa pali tchimo, poti aliyense akudziwa kuti pamsika zimatero? (Bambo wa geni, Lunzu)

Bambo, akanakhala kuti aliyense akudziwa, bwenzi mbaleyo mukuitembenuza pamaso pa kasitomala. Deuteronomo 25:13-15 imaletsa ndendende zimene mwafotokozazi, kukhala ndi miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Miyambo 11:1 imati sikelo yonyenga imamunyansa Mulungu, ndipo Amosi 8:5 imadzudzula amalonda ochepetsa muyeso n'kukweza mtengo. Amene amapwetekedwa ndi mbale imeneyo ndi mayi wogula mbale imodzi ya chakudya cha lero, ndi mlimi amene walima chaka chonse.

Kuopa kuluza kwanu n'komveka, ndiye tiwerengere. Tengani thumba la makilogalamu 50, muliyeze lonse ndi mbale yosapuntha, mulembe kuti mwatuluka mbale zingati. Pa mtengo woodera wonjezerani thiransipoti, wonyamula, chiphaso cha pamsika, majumbo ndi zotayika posankha. Gawani ndalama zonsezo ndi chiwerengero cha mbale zija. Pamenepo mwapeza mtengo umene mukatsika nawo mwaluza, ndipo phindu lanu muliike pamwamba pake poyera. Ngati mbale yanu ikuoneka yodula kuposa ya anzanu, khalani ndi mbale ziwiri zooneka, yaikulu ndi yaing'ono, iliyonse ndi mtengo wake. Kachepedwe kooneka si bodza. Ngati muli ndi sikelo, iyeseni ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsekula, ndipo dziwani kuti a Malawi Bureau of Standards ndiwo amayeza ndi kudinda masikelo a malonda. Sitikunamizani, masabata oyamba phindu likhoza kutsika. Kwa makasitomala anu okhazikika amene mwakhala mukuwadya, basela wooneka kwa kanthawi ndi njira imodzi yobwezera, monga anachitira Zakeyu pa Luka 19:8.

Funso: Mnansi wanga amabwera kudzapempha ndalama ya ndiwo, koma amakamwera kachasu. Ndikamukaniza mtima umanditsutsa. (Mtsikana wa kwaya, Kasungu)

Achemwali, musamupatse ndalama, komanso musamubweze ndi mawu onyoza. Ngati kunyumba kwake kuli ana, perekani ufa kapena ndiwo zophika m'manja mwa amene amaphikira anawo. Mukamupeza asanamwe, muuzeni mwaulemu chifukwa chake mwasintha. Poti ndinu wamng'ono kwa iye, pitani ndi mayi kapena mkulu wa mpingo.

Funso: Achimwene anga amwalira osasiya wilo. Abale akuti tikatenge malata, mbuzi, njinga ndi mipando, mlamu abwerere kwawo ndi ana atatu. Ine ndine wapampando wa mphakati, koma ndikuopa kudana ndi mtundu wanga. (Bambo wa ku Dedza)

Pepani ndi zovutazi, bambo. Yakobo 1:27 imayeza chipembedzo choona ndi mmene tikusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye, ndipo amasiye amene Mulungu wakuikirani pakhomo ndi awa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji a mbale wanu.

Lamulo la dziko lili kumbali yomweyo. Kuyambira 2011, lamulo la chuma cha masiye lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu wopalamula. Munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi ena amene ankadalira womwalirayo, ndipo katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo. Abale ambiri amachita izi posadziwa kuti akhoza kumangidwa, choncho kuwachenjeza ndi kuwakondanso.

Yambani monga ikunenera Mateyu 18:15, kukamba ndi mwini mbumba kapena wamkulu wa banja panokha, musanamuyalutse pagulu. Akakana, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi amfumu. Anthu asanabalalike, lembani katundu yense m'kope: chiwerengero cha mbuzi, malata, matumba a chimanga, munda, ngongole zimene malemu anali nazo ndi zimene ena ali nazo kwa iwo. Mboni zisayine, mbali iliyonse isunge pepala lake. Ndalama za chipepeso ziwerengedwe ndi anthu awiri, zotsala zipite kwa mlamu wanu. Chiphaso cha unzika cha malemu, kalata ya imfa, mapepala a kubanki, a penshoni ndi a malo zikhale m'manja mwake, ndipo mumuperekeze ku ofesi ya DC, kumene amalongosola za chuma cha masiye. Ngati wina wanyamula kale katundu, pitani naye ku Victim Support Unit ya kupolisi, ndipo akafuna loya wosalipira kuli a Legal Aid Bureau.

A mphakati wanu nawo ali ndi gawo lawo maliro akatha. Pezani tsiku lokamulimira mlamuyo mvula isanagwe, ndipo funsani kusukulu kuti ana atatuwo akufunika chiyani teremu ikubwerayi, yunifomu, makope kapena fizi, mugawane mayina a amene apereke chilichonse.