Funsani Achipatala: Jakisoni wa miyezi 6, katemera wa malungo ndi magazi a kafukufuku

Makalata a mwezi uno achokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo ambiri akufunsa za mankhwala atsopano amene anthu akuwamva pa wailesi ndi pa WhatsApp. Akuyankha ndi madokotala ndi anamwino athu. Mayina a olemba tawabisa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Ndili ndi zaka 23, ndimagulitsa kaunjika. Ndinayamba kumwa PrEP (mapiritsi oteteza kuti munthu asatenge HIV) koma ndimaiwalaiwala, komanso botolo lake anthu akaliona amati ndi ma ARV. Ndamva zoti kwabwera katemera wa Edzi wobaya kawiri pachaka. Kodi ndi zoona? Chemwali wa ku Chibavi.

YANKHO: Chemwali, jakisoniyo alipodi, koma si katemera. Katemera amaphunzitsa thupi kudzimenyera lokha nkhondo. Uyu ndi mankhwala, dzina lake lenacapavir, opangidwa ndi kampani ya Gilead. Amakhala pansi pa khungu n'kumasungunuka pang'onopang'ono, ndipo akatha mphamvu chitetezonso chimathera pomwepo.

Mbiri yake inatchuka mu 2024 chifukwa cha kafukufuku wa PURPOSE 1 amene anachitika ku South Africa ndi Uganda pakati pa atsikana ndi amayi a zaka 16 mpaka 25. Mwa 2,134 amene anabayidwa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachirombo ka HIV pa nthawi imene zotsatira zinkalengezedwa. Mwa 1,068 amene ankamwa piritsi la PrEP lotchedwa Truvada, 16 anatenga. Apa musafulumire kunyoza mapiritsi. Atayeza magazi, anapeza kuti ambiri mwa atsikanawo samamwa tsiku lililonse, vuto lomwe inunso mwalitchula. Bungwe la WHO linavomereza lenacapavir mu Julayi 2025, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kunalengezedwa mgwirizano woti makampani a ku India azipanga mankhwalawa pa mtengo wa madola 40 pa munthu pachaka kuyambira 2027.

Kabayidwe kake nkotere. Choyamba amakuyezani magazi kuti aone ngati mulibe HIV, ndipo adzakuyezaninso nthawi iliyonse musanabayidwe. Tsiku loyamba mumabayidwa majakisoni awiri a 1.5 ml aliyense pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, n'kumwanso mapiritsi awiri a 300 mg. M'mawa mwake mumamwa ena awiri. Mapiritsi anayiwa musawapeputse, chifukwa jakisoni amachedwa kukwera m'magazi ndipo iwo ndiwo amakutchinjirizani masiku oyambawo. Mukatero mumabweranso pakatha masabata 26. Kufulumira kapena kuchedwa ndi masabata awiri n'kololedwa. Mukapyola masabata 28, mumayambanso ndi mapiritsi aja.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi munthu wobayidwa kamodzi n'kusowa. Mankhwalawa amatsalira m'thupi kwa miyezi yambiri, ochepa moti sangakutetezeni koma okwanira kuti kachirombo kakalowa kawazolowere n'kusiya kuwamva. Pobayidwapo pamatha kuchita kachotupa kolimba komwe kamakhala miyezi ingapo. Musakafinye kapena kukatema. Mukayamba mankhwala a TB, awuzeni a dokotala kuti munabayidwa, pakuti rifampicin amachepetsa lenacapavir m'magazi. Chindoko, chinzonono ndi mimba, jakisoniyu alibe nazo ntchito.

Palinso jakisoni wina, cabotegravir, wobaya m'thako pa miyezi iwiri iliyonse, amene kafukufuku wake amayi a ku Lilongwe ndi Blantyre anatengapo mbali. Kafunseni kumene mumalandira PrEP kuti ndi njira iti imene ali nayo. Podikira, mapiritsiwo asamutsireni m'kabotolo kena kouma ndipo tcherani alamu pafoni.

FUNSO: Mdzukulu wanga anabadwira ku Chintheche ndipo analandira katemera wa malungo katatu. Pano ndikumulera ine, ali ndi chaka ndi miyezi 8, koma mwezi wathawu anadwala malungo. Nanga katemerayo anagwira ntchito yanji? Agogo a ku Mchengautuwa.

YANKHO: Agogo, funso lanu n'lomveka, ndipo tikuuzani mosapita m'mbali: katemerayu sathetsa malungo, amangochepetsa. Dzina lake ndi RTS,S. Pa kafukufuku wamkulu amene anachitika m'maiko 7 a mu Africa kuyambira 2009, Lilongwe momwemo, ana amene analandira kanayi anadwala malungo mocheperapo ndi pafupifupi magawo 4 mwa 10 pa zaka zinayi, ndipo malungo aakulu anachepa ndi magawo 3 mwa 10. Malawi ndiye anali woyamba kumupereka kusikelo mu Epulo 2019, kenako Ghana ndi Kenya. Maboma 11 ndiwo anasankhidwa, kumpoto kuno Karonga ndi Nkhata Bay. Atawerengetsa m'maiko atatuwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Chiwerengerochi chimaoneka chaching'ono papepala, koma pamudzi ndi maliro amene sanachitike.

Chifukwa chake mwana amadwalabe ndi ichi. Udzudzu ukaluma, tizirombo timathamangira kuchiwindi pasanathe ola. Katemera amatitchingira panjira imeneyo. Tochepa tikazemba n'kufika, timaswana m'chiwindimo n'kukhuthukira m'magazi, ndipo kumeneko katemera alibenso mphamvu.

Ndondomeko ya kuno ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyo ndi amene ambiri amamuphonya, poti pofika nthawiyo makolo amakhala atasiya kupita kusikelo, chonsecho mphamvu ya atatu oyamba aja imakhala itayamba kutha. Mdzukulu wanu watsala ndi miyezi iwiri. Tengani buku lake la kuchipatala mupite nalo kusikelo, akakuuzeni kumene angakalandire. Neti azigonamo usiku uliwonse. Kuzizira kwa Mzuzu kusakunamizeni, ndipo ulendo wa kunyanja kwa makolo ake ndiwo woyenera kusamala kwambiri.

Tikhudzeko pang'ono za LA, mankhwala a malungo aja. Amamwa ka 6 pa masiku atatu: koyamba, kachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatirawo. Mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri. Mupatseni ndi mkaka kapena phala la nsinjiro, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Akasanza pasanathe mphindi 30, mupatseninso, ndipo mukatenge ena olowa m'malo. Chizolowezi chosiyira panjira thupi likazizira, n'kusunga otsala podikira kuti wina adwale, n'choopsa. Ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania apeza kale tizirombo tochedwa kufa ndi mankhwala a mtundu umenewu. Inu agogo mukukumbukira mmene chloroquine anathera mphamvu mpaka dziko lino kumusiya mu 1993, Fansidar n'kutsatira mu 2007.

FUNSO: Tonsefe tili ndi chipsera cha katemera wa TB wa BCG pamkono. Nanga bwanji mchimwene wanga wadwala TB, mpaka akuti ndi yosamva mankhwala? Bambo wa ku Luwinga.

YANKHO: Bambo, gawo lina la yankho linapezeka kwathu konkuno. Kafukufuku wa ku Chilumba m'boma la Karonga, amene anayamba mu 1979, anasonyeza mu 1996 kuti kubwereza BCG kumachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikuteteza akuluakulu ku TB ya m'mapapo. BCG ndi wakale, wa 1921, ndipo phindu lake lenileni ndi kuteteza makanda ku TB ya muubongo ndi yofalikira thupi lonse. Katemera watsopano wa akuluakulu, M72, anateteza pafupifupi theka la anthu pa kafukufuku wa ku Kenya, South Africa ndi Zambia. Kafukufuku wake wamkulu anayamba mu Malichi 2024, Malawi ali nawo, koma katemerayo sanafike m'zipatala.

Kwa achimwene anu nkhani yabwino ndi yakuti mu 2022 WHO inavomereza mapiritsi a miyezi 6 otchedwa BPaLM, ophatikiza mankhwala anayi, kwa odwala ambiri a TB yosamva mankhwala. Kale unali ulendo wa miyezi 18 kapena kuposa, ndi majakisoni amene ankagonthetsa ena makutu. Mmodzi mwa mankhwala anayiwo, linezolid, amatha kuchititsa dzanzi kumapazi, kuchepetsa magazi kapena kusokoneza maso. Akaona zotere athamangire kuchipatala, asasiye okha. A m'nyumba mwawo nonse mukayezetse.

FUNSO: Akafukufuku anabwera kudzapempha magazi a mkazi wanga. Anthu akuti amakagulitsa kunja. Tivomere? Mphunzitsi wa ku Zolozolo.

YANKHO: Aphunzitsi, kabotolo kamodzi ka magazi kamakhala ndi pafupifupi 5 ml, sipuni yaing'ono, pamene munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5. Komabe kufunsa ndi ufulu wanu, ndipo wovomera kapena kukana ndi mayiwo eniake.

Kafukufuku weniweni amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena MZUNIREC ya ku Mzuzu University. Apempheni chikalata cha chilolezo m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mukachiwerenge kunyumba musanasaine. Chiyenera kunena kuchuluka kwa magazi, kangati, kumene akawasunge, ngati adzatumizidwe kunja kukayezedwa, zovuta zimene zingabwere, ndi nambala ya foni ya komitiyo. Funsaninso ngati ena adzalandira mankhwala ongoyerekezera opanda mphamvu, chifukwa kafukufuku wambiri amagawa anthu mwamaere kuti afanizire magulu awiri. Mayi akhoza kutuluka tsiku lililonse osataya thandizo lawo la kuchipatala. Ngati alendowo alibe chikalata chotere, kapena akukukakamizani kusaina pomwepo, musapereke mkono, ndipo kadziwitseni a zaumoyo a m'dera lanu.