Fulashi yanu sinafe, achemwali

Imelo ya sabata ino yachokera kwa wophunzira wina wa ku Chirunga. Anaika Ubuntu, mtundu wina wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows), pa fulashi yawo ya 32GB pogwiritsa ntchito pulogalamu ya balenaEtcher (Etcher mwachidule), ndipo atamaliza ntchito anaibweza mu kompyuta ya Windows n'kupeza kuti ikuonetsa mamegabaiti ochepa okha, pomwe Mac ya mnzawo ikukana kuiwerenga n'komwe. Akufunsa ngati yafa.

Sinafe, achemwali. Koma funso lanuli landitosa pa bala lakale, ndiye mundilole ndiyambire kumeneko.

Nthawi imeneyo ndinkachita lendi ku Chikanda, ndili mnyamata wongoyamba kumene kuzolowera Linux, wodziona ngati katswiri chifukwa chotha kulemba malamulo awiri atatu pa terminal. Amalume anga, amene ankaphunzitsa pa sekondale ina yakuno ku Zomba, anandibweretsera laputopu yawo kuti ndiikemo Linux, ndipo anabweretsanso hadi disiki yakunja kuti ndisamutsiremo zinthu zawo ndisanafufute chilichonse. M'hadimo munali kale mayeso omwe anakhala akukonza kwa zaka zambiri, pamodzi ndi zithunzi za ukwati wa mwana wawo woyamba. Madzulo ndinalumikiza fulashi ndi hadi ija ku kompyuta yanga, ndinayang'ana ndi lamulo la lsblk, losonyeza madisiki olumikizidwa, n'kuona kuti fulashi yapatsidwa dzina lakuti sdb, ndipo ndisanapitirire magetsi anazima. Atabwera cha m'ma 11 koloko usiku ndinayatsanso kompyuta, tulo tili m'maso, n'kulemba lamulo la dd, lokopera Ubuntu pa fulashi, loloza ku sdb monga ndinkakumbukira. Chimene sindinaganizire n'chakuti Linux akayaka amatha kugawa mayinawa mwatsopano malinga ndi chipangizo chimene wayamba kuchiona, ndipo usiku umenewo sdb inali hadi ya amalume. Lamulo la dd silifunsa ngati mwatsimikiza. Linalemba Ubuntu pamwamba pa chiyambi cha hadi, pamene pamakhala mapu osonyeza kuti chilichonse chili pati.

Ndinatha masiku atatu ndi PhotoRec, pulogalamu yobwezeretsa mafayilo otayika, ndikutola zomwe zinatsala. Zithunzi zambiri zinabwerera, koma zopanda mayina, zosakanikirana ngati mbewu zotayikira pamsewu, ndipo mayeso ena sanabwererenso. Amalume anangoti, “Mphwanga, zachitika,” mawu omwe anandiwawa kuposa akanandikalipira.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa chimene chinachitikira hadi ya amalume mwangozi ndi chomwenso Etcher wachita pa fulashi yanu mwadala. Fayilo ya ISO ya Ubuntu ndi chithunzi cha disiki yathunthu chokhala ndi mapu akeake, ndipo Etcher amachikopera monga chilili, kufufuta mapu akale a fulashiyo. Mbali yaikulu ya chithunzicho inalembedwa mu ISO 9660, kalembedwe kamene kanapangidwira ma CD, ndipo pambali pake pali kagawo kakang'ono ka kalembedwe ka FAT komwe kompyuta za UEFI (kapulogalamu kodzutsa makompyuta amakono) zimayambira. Windows amazindikira kagawo kakang'onoko basi, n'kukuonetsani ngati ndiyo fulashi yonse. Malo otsalawo alipo ndithu, angokhala opanda gawo lililonse lowatenga. N'chifukwa chake kudina Format pa uthenga umene Windows amatulutsa sikuthandiza, pakuti mumangofomata kagawo komweko n'kutsalabe ndi fulashi yaing'ono.

Apa ndiye pamene ndimakwiyira okonza makompyuta ena a m'tauni muno, amene akaona zoterezi amati fulashi yapsa, gulani ina, ndipo inayo ili pomwepo pa shelefu yawo. Ena mwa iwo sadziwa, ndipo amenewo ndimawakhululukira, koma ena amadziwa bwino lomwe. Zoona, mafulashi achinyengo alipo, aja olembedwa 64GB pomwe mkati muli malo ochepa, ndipo pulogalamu ya H2testw imawagwira. Koma fulashi imene yangomaliza kumene kuyambitsa kompyuta n'kuikamo Ubuntu yasonyeza kale kuti ili moyo.

Vuto lenileni n'lakuti makampaniwa sanagwirizanepo pa kalembedwe kamodzi, ndipo ovutika ndife amene fulashi imodzi imatiyendera paliponse, ku steshonale kukapulinta, ku laibulale, mu wailesi ya m'galimoto. FAT32, ya m'chaka cha 1996, imawerengedwa ndi pafupifupi chilichonse, koma silandira fayilo imodzi yoposa 4GB. NTFS ndi ya Windows, ndipo Mac amaiwerenga koma salembamo popanda pulogalamu yowonjezera. ext4 ya Linux ndi APFS ya Apple, Windows payekha sazidziwa. Yotsala ndi exFAT, imene Microsoft anatulutsa mu 2006 ndipo inalowa mu Linux kernel 5.4 mu 2019. Imeneyi ndiyo imagwira pa makompyuta onse atatu popanda malire a 4GB aja.

Malire amenewa amavutitsanso anthu ofuna kupanga fulashi yoikira Windows ali pa Mac kapena pa Linux. Fayilo ya install.wim ya mu Windows 11 imaposa 4GB, choncho singalowe mu FAT32, pomwe UEFI yambiri imafuna FAT kuti iyambe. Komanso ISO ya Windows sinakonzedwe kuti izikoperedwa mwachindunji ngati ya Ubuntu, ndiye Etcher ndi dd sizoyenera pa ntchitoyi. Pulogalamu ya Rufus, ya Pete Batard, imathana nazo bwino, koma imagwira pa Windows pokha. Ine masiku ano ndinatsamira pa Ventoy, yomwe inatuluka mu 2020: mumaiika kamodzi, imapanga gawo lalikulu la exFAT ndi kena ka 32MB, kenako mumangoponyamo ma ISO ngati mafayilo wamba, ndipo fulashiyo imasungabe zolemba zanu. Ndikanaidziwa kale, dd sindikanamukhudza usiku uja, ndipo sindionanso chifukwa chakuti wophunzira wokhala ndi fulashi imodzi yokha aziifufuta yonse nthawi iliyonse akafuna kuyesa Linux.

Zoti muchite

Choyamba zulani chipangizo china chilichonse chosungira zinthu, mutsale ndi fulashi yokhayo. Pa Windows tsegulani diskpart ngati administrator, lembani list disk, ndipo muyang'ane kukula kwake, pakuti ya 32GB imaoneka pakati pa 28 ndi 30 GB. Kenako select disk ndi nambala yake, clean, create partition primary, format fs=exfat quick, ndi assign. Lamulo la clean nalonso silifunsa kawiri, ndiye nambalayo muiwerenge mofatsa musanadine Enter. Pa Mac ya mnzanuyo, mu Disk Utility sankhani Show All Devices, mufufute chipangizo chonse osati gawo lokha, n'kusankha ExFAT ndi Master Boot Record. Pa Ubuntu wanu watsopanoyo, pulogalamu ya GParted ili ndi Create Partition Table. Ngati fulashiyo muziikanso nyimbo zomvera pa wailesi kapena pa sipika, sankhani FAT32 m'malo mwa exFAT, chifukwa zipangizo zambiri zoterezi sizidziwa china.