Kevin ndi Kelvin: kodi ndi dzina limodzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukonzekera kukabatizitsa mwana wawo wamwamuna. Iwo mtima uli pa dzina la Kevin, koma bambo a mwanayo akuti Kevin ndi Kelvin ndi chimodzimodzi, kungosiyana kalembedwe. Ndiye akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso tanthauzo la dzinalo.

Mayi, zikomo pondilembera. Bambo a kunyumbawo sindingawadabwe, chifukwa pakamwa pathu Kevini ndi Kelivini amamvekadi ngati mapasa. Koma mayina awiriwa alibe ubale ngakhale pang'ono.

Kevin kwawo ndi ku Ireland. M'chinenero cha eni dzikolo amalemba kuti Caoimhín, ndipo musaope zilembozo: "mh" wawoyo amamveka ngati "v", kotero amatchula kuti Kwiiviin, ena Kiiviin. Angerezi ndiwo analifupikitsa n'kukhala Kevin. Kalekale linkalembedwa kuti Cóemgen, mawu awiri olumikizidwa: cóem, kutanthauza wokongola, wofatsa, wokondeka, ndi gen, kutanthauza kubadwa. Ndiye kuti mwana wobadwa wokondeka. Ine apa m'pamene dzinali limandigwira mtima, chifukwa ndi momwe ifenso timatchulira ana athu. Gogo akanyamula khanda n'kunena kuti uyu ndi Chikondi kapena Chisomo, amakhala akunena zomwe zili mumtima mwa banja lonse. Anthu a ku Ireland ankachitanso chimodzimodzi. Atsikana ali nalo lawo lochokera pa tsinde lomwelo, Caoimhe, lotchulidwa kuti Kwiiva kapena Kiiva.

Amene analitchukitsa ndi Kevin Woyera, mmonke wa m'zaka za m'ma 500, yemwe mbiri ya Mpingo imati anamwalira m'chaka cha 618. Iye anasiya anthu n'kukakhala yekha m'chigwa cha Glendalough, m'mapiri a Wicklow, kumwera kwa mzinda wa Dublin. Dzina la chigwacho limatanthauza chigwa cha nyanja ziwiri. Pamwamba pa nyanja yakumtunda pali kaphanga kakang'ono pathanthwe, komwe amati ndi kumene ankagona ndi kupemphera. Koma anthu anamutsatira komweko, ndipo pamalopo panakula mudzi wa amonke. Mpaka lero pali nsanja yamiyala yozungulira, yotalika pafupifupi mamita 30, ndipo alendo amapitako chaka chonse. Akatolika amamukumbukira pa 3 Juni.

Pali nthano ina ya iye imene ndimafuna mudzamuuze mwanayo akadzakula. Amati tsiku lina m'nyengo ya Lenti, Kevin anagwada akupemphera, manja atatambasula. Kunabwera mbalame yakuda, n'kutera pachikhatho chake, n'kuikira mazira pomwepo. Kevin atamva kufunda kwa mazirawo sanabweze dzanja. Anakhala chitambasulire mpaka mazira anaswa, tiana tinamera nthenga n'kuuluka. Ndi nthano, inde, koma taonani mmene ikugwirizanirana ndi dzina lake: munthu wofatsa, wolola kuti mkono uchite dzanzi kuti kanthu kakang'ono kakhale ndi moyo. Zithunzi zambiri za woyerayu zimamuonetsa ali ndi mbalame m'dzanja.

Kuchokera ku Ireland dzinali linawoloka nyanja ndi anthu amene anasamukira ku America ndi ku Britain, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 linali patsogolo pa mayina a anyamata ku France.

Nanga Kelvin? Ameneyu ndi mtsinje wa ku Glasgow, ku Scotland. Katswiri wa sayansi William Thomson, amene anabadwira ku Belfast mu 1824 n'kukaphunzitsa pa yunivesite ya Glasgow, atapatsidwa ulemu waufumu mu 1892 anatenga dzina la mtsinje wodutsa pafupi ndi yunivesiteyo, n'kukhala Lord Kelvin. Ana a sekondale amakumana nalo pa phunziro la sayansi, poyeza kutentha ndi kuzizira. Ndi dzina labwino ndithu, ndipo bambowo akalikonda palibe cholakwika. Koma pakuti mwati mukufuna dzina la ubatizo, lokhala ndi woyera wake ndi tsiku lake, ine ndingakulimbikitseni Kevin.

Mukagwirizana, chonde mudzalembe dzinalo pakapepala, zilembo zisanu, K-e-v-i-n, n'kupereka m'manja mwa wolemba kalata yakubadwa ndi wolemba m'buku la ubatizo. Ambiri kwathu kuno anazolowera Kelvin, ndipo dzanja limathamangira kuwonjezera "l" losafunsa. Musachoke pawindo musanawerenge zomwe alemba.