Toyota 86 ya manual kapena ya automatic: yankho kwa m'bale wathu wa ku Chipata

M'bale wanga, ndawerenga funso lanu kawiri. Mwanena kuti mwasunga ndalama zoitanitsira Toyota 86 kuchokera ku Japan, kuti chiyambire kuyendetsa mwakhala mukugwira automatic yokhayokha, ndiponso kuti tsiku lina mutayesa Altezza ya manual ya mnzanu inadumphadumpha n'kuzima katatu musanatuluke n'komwe mu Kalongwezi, moti tsopano mukufunsa ngati si bwino kungotenga ya automatic. Ine ndayendetsa galimoto za manual zaka zoposa 20 m'misewu ya kuno kummawa, ndipo maganizo anga ndi akuti mutenge ya manual. Koma popeza ndalama ndi zanu ndipo amene adzakhale ndi galimotoyo ndinu, ndiyenera kufotokoza bwino chimene chinachitika tsiku lija ndi mmene chimathera.

Galimoto ikamadumpha, kawirikawiri vuto limakhala limodzi: injini ikuzungulira pa liwiro lake, giyabokosi ikuzungulira pa liwiro lina, ndipo dalaivala wazilumikiza mwadzidzidzi zisanagwirizane. Klatchi ndi mbale imene imapanikizidwa pa flywheel, chitsulo cholemera chozungulira chimene chili kumapeto kwa injini. Mukaiponda mbaleyo imalekana ndi injini, mukaitula imagwirana nayonso. Pa ulendo wonse umene phazi limayenda kuchoka pansi kufika pamwamba, ntchito yeniyeni imachitika pa kadera kakang'ono kwambiri, pamene mbaleyo yayamba kukhudza koma isanagwire kotheratu. Woyamba kumene amatula phazi pang'onopang'ono poyambirira, pamene palibe chimene chikuchitika, ndiye akangomva galimoto ikusuntha amachita mantha n'kuchotsa phazi lonse nthawi imodzi. Wozolowera amachita mosemphana ndi zimenezi: amakweza phazi msanga mpaka pamene klatchi yaluma, pamenepo amaima kamphindi kuti galimoto iyambe kuyenda yokha, kenako n'kumaliza kutula mosathamanga.

Njira yophunzirira zimenezi ndi yosavuta, koma imafuna kuleza mtima. Pezani malo osalala opanda anthu, ikani giya 1, ndipo phazi lamanja lisakhudze chopondera moto ngakhale pang'ono. Tulani klatchi mpaka mutamva kulira kwa injini kukutsika ndi galimoto ikuyamba kukwawa, gwirani phazi pomwepo masekondi awiri kapena atatu, ndipo muona kuti ikuyenda popanda moto uliwonse. Imani, bwerezaninso, ndipo muchite zimenezi ka 20 kapena ka 30 pa tsiku kwa masiku angapo, kufikira phazi litadziwa lokha malo aja osafunsa kumutu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindinaonepo munthu amene anadekha pa chiyambi chimenechi n'kulephera zotsalazo.

Ndikuchenjezeni kuti galimoto yonga 86 siikhululuka msanga ngati Hilux ya dizilo kapena Canter imene ambiri a ife tinaphunzirirapo. Injini ya dizilo imakoka mwamphamvu ikadali pansi, choncho ngakhale mutatula klatchi mosasamala imangonyamuka. Injini ya 86 ndi ya petulo, ya malita 2, yopanda turbo, ndipo mphamvu yake yaikulu yokokera, 205 Nm, imafika singano yoonetsa liwiro la injini itadutsa 6,000 rpm, ndiko kuti injini ikuzungulira koposa ka 6,000 pa mphindi. Kuwonjezera apo, Chipata ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, ndipo injini yopanda turbo imataya gawo la mphamvu zake pamalo otere. Chifukwa chake ponyamuka mudzafunika kamoto pang'ono, singano ili cha pa 1,200 mpaka 1,500, ndipo kamotoko kakhale kokhazikika, osati kuliza injini mpaka 3,000 monga amachitira anyamata ena pofuna kumveka. Galimoto zotere zimakhalanso zolimba miyendo, moti kalikonse kamene phazi lalakwitsa mumakamva mumsana nthawi yomweyo.

Pamene ambiri amavutikira nthawi yaitali ndi pochoka pa giya 1 kupita pa giya 2, ndipo apa manambala akuthandizani. Mu giyabokosi ya magiya 6 ya 86, tikawerenga kuti injini imazungulira kangati kuti shafuti yotuluka mu giyabokosi izungulire kamodzi, giya 1 ndi 3.626, giya 2 ndi 2.188, giya 3 ndi 1.541, giya 4 ndi 1.213. Tanthauzo lake ndi lakuti mukasintha kuchoka pa 1 singano ili pa 3,000, giya 2 ikufuna injini ikhale cha pa 1,800, ndipo injini imatenga kanthawi kuti itsike kufika pamenepo. Mukafulumira kutula klatchi singano ikadali pamwamba, galimoto imalumphira kutsogolo. Mukachedwa kwambiri mpaka singano itagwera pansi, galimoto imagwa mphuno ngati mwaponda buleki, ndipo mitu ya okwera imagwedezeka. Kuchoka pa 3 kupita pa 4 mpata wake ndi waung'ono, pakuti 3,000 imangotsikira cha pa 2,400, n'chifukwa chake magiya apamwamba amalowa mosavuta ngakhale kwa wophunzira. Choncho pa 1 kupita pa 2 musathamange: chotsani moto, pondani klatchi mpaka pansi, kokani ndodo ya giya mofatsa ngati mukuiperekeza, werengani kamodzi mumtima, kenako tulani uku mukubwezera moto pang'ono. Poyamba mudzayang'ana singano, koma pakapita milungu ingapo khutu ndilo lidzayamba kukuuzani, ndipo ndikupemphani kuti masiku ophunzirawo wailesi ikhale yozima.

Kutsitsa giya ndiko kumasiyanitsa dalaivala wodziwa ndi wongoyendetsa. Mukachoka pa 4 kubwerera pa 3 singano ili pa 2,500, giya 3 ikufuna injini ikhale pafupi ndi 3,200. Ngati mungotula klatchi osakweza injini, matayala ndiwo amakakamiza injiniyo kuti ithamange, galimoto imagwidwa mwadzidzidzi, ndipo klatchi imadyeka. Mankhwala ake ndi kugunda moto kamodzi, mwachidule, pamene klatchi ili pansi, kuti singano ikwere kukakumana ndi giya imene mukulowayo. Nkhaniyi si yongofuna kukoma kwa ulendo ayi. Toyota 86 imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo mukatsitsa giya mwankhanza muli pokhota, makamaka m'nyengo ya dzinja msewu utanyowa, matayala akumbuyowo akhoza kuterereka galimoto n'kutembenuka. Lamulo langa ndi lakuti buleki ndi giya zithe msewu ukadali wowongoka, ndipo polowa pokhota manja onse awiri akhale pa chiwongolero. Kampani ya Nissan inaona kuti luso limeneli limavuta anthu, moti mu 370Z inaikamo makina otchedwa SynchroRev Match amene amagunda moto okha dalaivala akamatsitsa giya, koma 86 ya manual ilibe zimenezo, ndipo ntchitoyo ndi ya phazi lanu. Za kuponda buleki ndi zala uku chidendene chikugunda moto, zimene muzimva kwa okonda mipikisano, zisiyeni kaye mpaka chaka chitatha.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Chipata ndi tauni ya m'mapiri, ndipo simudzatha sabata osaima pa chitunda galimoto ina ili pafupi kumbuyo kwanu. Musachite manyazi kugwiritsa ntchito handibuleki: ikokeni, pezani pamene klatchi yaluma, onjezani kamoto, ndipo mukamva galimoto ikufuna kupita tsitsani handibulekiyo. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kuimika galimoto pa chitunda ndi klatchi yokha. Ine ndinachitapo zimenezi ndili wachinyamata, ndinkamva kafungo konga ka nsapato yopsa koma osadziwa tanthauzo lake, ndipo miyezi isanathe injini inayamba kulira pamwamba galimoto osathamanga, mpaka ndinagula klatchi yonse yatsopano. Chimodzimodzinso kusiya phazi litatsamira pa klatchi mukuyenda, kapena kusiya dzanja litalemera pa ndodo ya giya, zonsezi zimadya zitsulo mwakachetechete. Mukaima nthawi yaitali, monga pa mzere wa pa malire a Zambia ndi Malawi ku Mwami kapena pa chipwirikiti cha njinga cha ku Kapata, chotsani giya, tulani klatchi, phazi lipume pansi. Mahampu nawo muwalemekeze, chifukwa mimba ya 86 ili pafupifupi masentimita 13 okha kuchokera pansi. Chepetsani liwiro musanafike, lowani pa giya 2 klatchi itatulidwa kale, ndipo pa hampu lalitali mudutse mopingasa pang'ono ngati msewu uli wopanda ena.

Kukoma kwa manual mudzakumva pa Great East Road. Ulendo wa ku Lusaka ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo mukadutsa Katete, Sinda ndi Nyimba n'kuyamba kukhotakhota cha ku Kacholola, kutsikira pa mlatho wa Luangwa ndi kukwera mapiri a Manenekela, pamenepo ndi pamene munthu amathokoza kuti giya ili m'dzanja lake. Potsika mtsetse wautali ikani giya 3 kapena 4 kuti injini igwire galimoto, buleki muziiponda mwa apo ndi apo, chifukwa mabuleki opondedwa mosalekeza amatentha n'kuleka kugwira. Musatsike konse giya ili pa nyutulo poganiza kuti mukusunga mafuta. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, choncho wotsika pa nyutulo sapindula kanthu koma amangotaya chogwirira. Pofuna kupitirira lole, tsitsani giya musanatuluke mumzere wanu, kuti mphamvu ikhale ilipo kale pamene mukuifuna. Ndipo ndinene mosabisa kuti msewu umenewu ndi wa tonse: muli njinga zonyamula makala, ngolo za ng'ombe, mbuzi ndi ana a sukulu, ndipo luso limene ndikukufotokozerani ndi loyendetsera mwaulemu, osati lothamangitsira.

Sindikufuna kuinyoza automatic, chifukwa kutero kungakhale kukunamizani. Kale zinali zoona kuti automatic ndi yaulesi ndiponso yomwa mafuta, koma zinthu zinasintha. Volkswagen inatulutsa giyabokosi ya DSG ya maklatchi awiri mu 2003, Porsche inabweretsa PDK mu 911 mu 2008, ndipo magiyabokosi otere amasintha giya msanga kuposa dzanja la munthu aliyense. Automatic ya 86 si ya mtundu umenewo, ndi ija yozolowereka yoyendera mafuta ya magiya 6, komabe ndi yabwino, imalola kusintha giya ndi dzanja, ndipo imagunda yokha moto potsitsa giya. Pa manambala a Toyota a ku Ulaya, ya manual imafika 100 km pa ola m'masekondi 7.6 pamene ya automatic imatenga 8.2, koma pa mafuta ya automatic ndiyo imamwa pang'ono, malita 7.1 pa makilomita 100 poyerekeza ndi 7.8. Ngati muli ndi vuto la bondo, ngati ntchito idzakusamutsirani ku Lusaka kumene munthu amakwawa pa mzere m'mawa ndi madzulo, kapena ngati amayi kunyumba adzafuna kuiyendetsa ndipo sakufuna za klatchi, tengani automatic ndi mtima woyera. Mungokumbukira kuti nayonso pa mtsetse wa Manenekela imafuna kuitsitsa giya ndi dzanja, osangoisiya pa D.

Chimene chikundikokera ku manual pa nkhani yanuyi ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi yakuti 86, kuyambira pamene inatuluka mu 2012 pamodzi ndi mphasa yake Subaru BRZ, sinapangidwe kuti ipose zinzake pa liwiro, pakuti mahatchi ake 200 si ochuluka. Inapangidwa kuti dalaivala azimva chilichonse chimene galimoto ikuchita, ndipo popeza mphamvu yake ili pamwamba, imakoma munthu akamasankha yekha giya. Ngati chimene mukufuna ndi kufika bwino basi, ndalama zomwezo zikhoza kukugulirani galimoto yaitali miyendo imene ingapirire misewu ya fumbi ya kumudzi. Mbali yachiwiri ndi ya kukonza. Klatchi ikatha, makaniko wodziwa ntchito wa konkuno akhoza kutsitsa giyabokosi n'kusintha mbale, chopanikizira ndi beringi, malinga zipangizozo mwaitanitsa ku Lusaka kapena ku Joni. Giyabokosi ya automatic ikadwala m'kati, kapena ikathiridwa mafuta osayenera, imafuna katswiri ndi makina oyezera, ndipo kawirikawiri mapeto ake amakhala kugula ina yathunthu.

Poitanitsa, muonetsetse pepala la ku okushoni ndi makilomita amene yayenda, chifukwa galimoto za mtundu umenewu eni ake ena amakhala atazithamangitsa kwambiri. Ikafika, iyeseni motere: muli pa giya 5 pa liwiro lochepa, pondani moto mpaka pansi, ndipo singano ikakwera msanga liwiro osakwera, dziwani kuti klatchi ikuterereka. Musapite nokha kukaitenga ku Dar es Salaam kapena ku Nakonde ngati phazi lisanakhwime, koma mupite ndi dalaivala wozolowera.

Ndipo musanalipire chilichonse, bwererani kwa mnzanu uja wa Altezza, mumuthirire mafuta, mumupemphe akupatseni ola limodzi tsiku lililonse kwa milungu iwiri. Masiku atatu oyamba akhale a kunyamuka popanda moto, otsatirawo a giya 1 kupita pa 2, ndipo sabata yachiwiri ikhale ya pa chitunda ndi kutsitsa giya pa msewu wopanda anthu ambiri. Ikatha milungu iwiriyo mudzatilembere muno mutiuze ngati galimoto ikadali kuzima, ndiponso ngati madzulo aliwonse munkatsika mukulakalaka kubwereranso mawa lake, chifukwa pa mayankho awiri amenewo ndi pamene ndidzakuuzeni kuti tumizani ndalama za manual kapena za automatic.