Mafunso ndi Mayankho: Kodi Kampeni Kakale ka M'thumba Kakufunika Zachisilikali?

Ndili ndi kampeni kofiira ka ku Switzerland kamene malemu bambo anandisiyira. Kali ndi mpeni, sowo, chotsekulira zitini, sikuludalaiva ndi choboolera. Mwana wanga akuti katha fasho, ndigule mipeni yakuda ija ya loko, yotsekula ndi dzanja limodzi, imene ogulitsa pa Facebook akuitcha tactical, kapena kuti yachisilikali. Ndine mlimi wa fodya ndi nshawa. Kodi mnyamatayu akunena zoona?
*Mlimi, Chadiza*

Bambo, mnyamata wanuyo walasa pa chinthu chimodzi, ndicho loko, ndipo nachonso si aliyense amene akuchifuna.

Tatembenuzani kampeni kanuko muone kumsana kwa chogwirira. Kachitsulo kakatali kali kumenekoko ndi sipiling'i. Mukatsekula mpeni, sipiling'iyo imakanikiza tsinde lake kuti usamagwedere, koma siukhoma ayi. Podula bwinobwino, kuthwa kuli pansi, mphamvu ya dzanja lanu imakankhira mpeni kumene umatsekukira, ndiye sungakupindikireni. Ngozi ili pawiri. Choyamba ndi kubaya ndi nsonga, monga poboola chigubu kapena chikopa chouma: nsonga ikakakamira, dzanja n'kupendekeka pang'ono, mpeni umatsekera pa chala cha mkombaphala. Chachiwiri ndi pamene mpeni wapanika m'mtengo wauwisi inu n'kunyamula chogwirira mokakamiza kuti muuzule. Mtengo umagwira mpeniwo, chogwirira chokha n'kukwera, zala zili pakati. Ntchito yoboola ipatseni choboolera chija, ndipo mpeni ukapanika uzuleni moukokera kumbuyo, osati m'mwamba.

Eni ake a ku Switzerland nkhaniyi anaiona. Karl Elsener, amene anayambitsa kampani ya Victorinox, anatsegula malo ake opangira mipeni ku Ibach mu 1884, ndipo mu 1891 anayamba kupereka mipeni kwa asilikali a dzikolo. Unali mpeni wa zida zinayi, zonga zanuzo kupatula sowo, ndipo sikuludalaiva inali yomasulira mfuti. Kwa zaka zoposa 100 asilikaliwo ananyamula mpeni wopanda loko. Mu 2008 ndi pamene anausintha: unakula kufika 111 mm, unalandira loko, bowo lotsekulira ndi chala chachikulu, ndi sowo. Ndiye ngati mukufunadi loko, kampani yomweyo ya Victorinox ili nayo, simukusowa kugula chinthu chakuda chosadziwika kwawo.

Kutsekula ndi dzanja limodzi kumathandiza pamene dzanja linalo lagwira chingwe cha mbuzi kapena muli pamwamba pa chigafa. Koma nako kuli ndi mtengo wake. Bowo la chala limafuna mpeni wotakata wa linunda, motero chida chonse chimakula. Kampeni wamba ka 91 mm ka mizere iwiri ya zida, monga Spartan ya Victorinox, kamalemera pafupifupi 60 g, pamene ka asilikali katsopanoka kamapitirira kawiri pamenepo. Mpeni wolemera umatsala pa windo kunyumba, tsiku limene mwaufuna n'kupezeka mukudula chingwe ndi mano.

Palinso makulidwe a chitsulo. Mpeni wanu kumsana ndi wa mamilimita awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo umapyapyala mpaka kukuthwa. Yachisilikaliyo yambiri ndi ya 3 mm mpaka 4 mm. Poyesa kusenda nzimbe kapena kumezanitsa mango mudzaona kusiyana kwake: wopyapyala umalowa n'kusiya podula posalala, wochindikala umang'amba ngati mphanyo ya nkhuni. Pa zingwe zomangira fodya, matumba a feteleza ndi zipatso, sungani wa malemuwo. Ntchito yolemera ili ndi chikwanje chake.

Mpeni wanga umabuntha msanga. Ndamva kuti mipeni yatsopano ili ndi chitsulo cholimba chosabuntha. Ndisinthe?
*Wogulitsa nzimbe, Kapata, Chipata*

Achimwene, chitsulo chosabuntha kulibe. Chilipo chochedwa kubuntha, ndipo chomwecho ndicho chovuta kunola.

Kulimba kwa chitsulo cha mpeni amakuyeza ndi muyezo wa HRC. Cha Victorinox chili cha pa 56, ndipo muli chromium pafupifupi 14 peresenti, n'chifukwa chake sichichita dzimbiri msanga ngakhale m'dzinja. Zitsulo zokwera mtengo monga S30V amazilimbitsa kufika cha pa 60. Zimasunga kuthwa nthawi yaitali ndithu, koma m'kati mwake muli timibulu ta vanadium tolimba kuposa mwala wonolera wamba. Zimafuna chonolera cha dayamondi, apo ayi mudzakhula madzulo onse osaona kusintha. Ndipo zikagunda waya kapena kamwala zimabenthuka, pamene chofewerapo chimangopindika pang'ono n'kuwongoka ponola.

Chimene chikubunthitsa mpeni wanu mwina ndi mchenga wa pa khungu la nzimbe ndi pamene mumadulirapo. Mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo cha mpeni uliwonse. Pukutani nzimbe musanasende, ndipo muzidulira pa thabwa, osati pa simenti kapena pa mbale ya chitsulo.

Kanoledwe kake nayu. Nyowetsani mwala. Imikani mpeni chilili pa mwalawo, muupendeke theka, kenako theka la pamenepo. Mwafika cha pa madigiri 20, ndipo dzanja lisasunthenso. Kankhani kuchokera ku tsinde mpaka ku nsonga, mbali imodzi yokha, mpaka chala chikamadutsa mosamala kuchokera kumsana kupita kukuthwa kwa mbali inayo chimve kamlomo kokanda. Kamlomoko ndi umboni woti mwafika pa kuthwa penipeni. Anthu ambiri amatembenuza mpeni kasanatuluke, n'chifukwa chake amanola osathwetsa. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi, kenako sinthanitsani mbali mopepuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Malizani pa lamba wachikopa, mukukokera kumsana. Ngati mwala wosalala mulibe, sandipepa wa madzi wa 400 kenako wa 1000 woyalidwa pa galasi amagwira bwino, nakonso kunsi kwa kapu ya dothi kumene kulibe utoto wonyezimira.

Ku gilayinda ya awotcherera musapite nawo. Kuthwa n'kopyapyala, kumatentha m'kanthawi kochepa, ndipo mukaona mtundu wachikasu kapena wabuluu pa chitsulo dziwani kuti pamenepo pafewa, sipadzasunganso kuthwa mpaka mutapadya ponse.

Nanga mano a pa mpeni, utoto wakuda, nsonga ya ngodya ndi kachitsulo kophwanyira galasi, n'zantchito?
*Wophunzira, Lundazi*

Mano amadula bwino chingwe cha nayiloni chonyowa ndi lamba wa m'galimoto, koma sasongola mtengo, sasenda bwino, ndipo ponola amafuna katupa kozungulira, dzino lililonse palokha. Utoto wakuda pa chitsulo chosachita dzimbiri ulibe chimene ukuteteza. Umakalika mwezi usanathe, ndipo mpeni ukagwera m'udzu madzulo mudzalakalaka ukanakhala wofiira. Nsonga ya ngodya ndi yobayira, siyenda bwino posenda chikopa cha mbuzi. Chophwanyira galasi n'chanzeru kwa dalaivala wa basi kapena wa ambulansi pa msewu wa Great East, bola chikhale pofikira dzanja. M'thumba la wophunzira chimangoboola thalauza. Tiwonjezepo ichi: kampeni kofiira kokhala ndi sizasi anthu amakaona ngati chida chantchito, koma mpeni wakuda wotsekuka ndi phokoso umakuitanirani mafunso pa geti ndi pa rodibuloko. Ndipo kusukulu musapite ndi mpeni wa mtundu uliwonse.

Ndine wowotcherera. Ndikufuna kuboola mpeni wanga ndiikepo kabawuti kotsekulira ndi chala, ndiwotchererenso kopanira m'thumba. Zingatheke?
*Mmisiri, Katete*

Amisiri, manja anu sitikuwakayika, koma ntchitoyi idzakuonongerani mpeni. Chitsulo cholimbitsidwa kufika 56 HRC sichiboleka ndi dirilo wamba; idzangotentha n'kubuntha, ndipo kutenthako kudzafewetsa mpeni pozungulira bowolo. Ngakhale mutaboola ndi ya carbide, sipiling'i ya mpeni wopanda loko anaipanga yolimba dala chifukwa ndiyo yokha yogwira mpeni. Chala chachikulu sichingaigonjetse bwinobwino. Mukaipala kuti ifewe, mwachotsa chitetezo chokhacho chimene munali nacho, mpeni uzitsekuka m'thumba ndi kupindika pa ntchito.

Moto wowotcherera nawo ulibe pogwira. Zigamba zakunja ndi pulasitiki, timapepala tolekanitsa mizere ndi aluminiyamu, misomali yomanga zonse ndi ya brass yosulidwa mitu. Loko simungaiwonjezere popanda kudula misomaliyo ndi kusula tsinde la mpeni mwatsopano, ndipo pofika pamenepo mwapanga mpeni wina.

Chimene chimatheka n'chosavuta. Mangani kachingwe ka 30 cm mpaka 40 cm pa mphete ya makiyi ya pa mpeniwo, mbali inayo pa lupu ya lamba, mpeni uzilendewera m'thumba osagona pansi pamodzi ndi ndalama zachitsulo ndi mchenga. Zigamba zosweka zimasinthika: viikani mpeni m'madzi ofunda kuti pulasitiki ifewe, kanulani pang'onopang'ono ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo zatsopano zikanikizeni pa vaisi mutayala nsalu.

Ndimanyamula anthu ndi katundu pa njinga. Ndigule kampeni ka zida zambiri kapena kaja kokhala ndi pulayala?
*Wa njinga, Chipata*

Kwa inu, pulayala. Ngati pali chinthu chatsopano chimene chinasinthadi zida za m'thumba, ndi chimenecho, osati utoto wakuda. Tim Leatherman wa ku Portland, America, anayamba kugulitsa chida chake mu 1983, pulayala ili pakati, mpeni ndi zina zikupindikira m'zogwirira. Imakoka waya wa buleki, imazula minga ndi timisomali m'tayala, imadula waya womangira katundu, imawongola keriya yopindika.

Koma si sipanala. Mukaigwiritsa pa nati ya wilo imadya ngodya za natiyo mpaka sipanala yeniyeni izingozungulira, ndipo mukapotoza mwamphamvu nsagwada zake zimathyoka. Sipanala za saizi ya njinga yanu, pa njinga zambiri 15 ndi 10, zikhalebe m'kathumba ka pansi pa chishalo. Podula malegeni, mpeni wopanda mano wothwa bwino ndiwo wabwino. Kokani legeni litambasuke, lidzaduka lokha mpeni ukangokhudza. Kumbukiraninso kuti zogwirira zake ndi chitsulo chokhachokha, zilibe chotchinga magetsi. Waya wa m'nyumba wa 230 V musamuyandikire nacho.

Zida zambiri si ubwino pazokha. SwissChamp ya Victorinox ili ndi ntchito 33 ndipo imalemera pafupifupi 185 g, koma ndi yonenepa moti posenda lalanje dzanja limatopa. Werengani zida zimene mwagwiritsadi ntchito sabata yathayi, mugule chokhala ndi zimenezo.

Ndinagula mpeni wa loko pa salaula koma ndikukayika ngati si gong'a. Winanso wakale walimba, sutsekuka mpaka chikhadabo kuthyoka.
*Mayi wa dimba, Petauke*

Amayi, tiyambe ndi wa lokoyo, chifukwa loko yabodza ndi yoopsa kuposa mpeni wopanda loko: imakupatsani chidaliro chobaya ndi mphamvu. Tsekulani mpeni, muyang'ane m'kati mwa chogwirira. Mudzaona kachitsulo kopyapyala kamene kadumphira kuseri kwa tsinde la mpeni. Kayenera kugwira gawo limodzi mwa atatu kapena theka la tsindelo. Kakangokhudza m'mphepete kadzaterereka; kakadutsa mpaka kukagunda mbali inayo, kadyeka. Kenako gwirani chogwirira m'mbalimbali ndi zala ziwiri, chala chilichonse chisakhale panjira ya mpeni, mukanikize msana wa mpeniwo pa thabwa. Ukagwedera kapena kupindika, musaudalire. Wa Victorinox weniweni uli ndi dzinalo lodindidwa mozama pa tsinde la mpeni waukulu, zida zake zimatsekuka ndi kutsekeka ndi kaphokoso komveka bwino, ndipo sizikhulana. Gong'a amadziwika ndi sikuludalaiva yopotoka pa sikulu yoyamba ndi sizasi yotafuna pepala.

Wakalewo sunafe. Madzi a nzimbe, utomoni wa mango ndi fumbi la m'thumba zaumira polumikizira. Uviikeni m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale kwa mphindi 10, kenako tsekulani ndi kutseka chida chilichonse uli m'madzi momwemo mpaka chimasuke. Chokana ndi chikhadabo chikanuleni ndi kandalama kachitsulo. Tsukani m'mipata ndi mswachi wakale, tsukuluzani ndi madzi oyera, kutumulani, muumike zida zonse zili zotsekula theka. Musathire bulichi, amadya aluminiyamu ndipo amasiya timaenje pa chitsulo.

Ukauma, dontho limodzi la mafuta pa cholumikizira chilichonse, pamene tsinde limakhulana ndi sipiling'i, n'kupukuta otsala kuti asakole fumbi. Mafuta a makina osokera amagwira, koma popeza inu mumadulira tomato ndi masamba, gulani liquid paraffin ya ku famase, osati parafini wa nyali. Mafuta ophikira a mpendadzuwa amathandiza lero lokha; pakapita milungu amauma n'kukhala ulimbo, mpeni n'kulimba kuposa poyamba.